Wopinda Shafiti ya a Mulipa

Tsamirani pa matayalawo, anyamata inu, masipanala apume kaye. Mwambi mukuufunsawo sunagwe kumwamba ayi. Unayamba motere.

Ku Luchenza, kutsidya kwa njanji, kunkakhala bambo wina dzina lake Feniasi Mulipa. Moyo wawo wonse anathera pa esiteti ya tiyi, kuyambira pa kuthyola masamba mpaka kufika pa ukapitawo, ndipo ukapitawowo unawalowa m'mafupa. Dengu la tiyi likalemera ankati pansi pali mwala. Likapepuka ankati mwini wake wabisa masamba ena kuthengo. Munthu akawapatsa moni akumwetulira, iwo ankayamba agwira m'thumba asanayankhe. Atapuma pantchito khalidweli anabwera nalo kunyumba, poti kunalibenso kwina kolisiya.

Chuma chawo chachikulu chinali galimoto. Anaigula kwa mzungu wina wa pa esitetipo amene ankabwerera kwawo. Kanali kagalimoto kakalekale ka mpikisano, kobiriwira, ka mipando iwiri, kopanda denga, kamphuno yaitali, ndiponso kafupi kwambiri moti wokweramo ankangokhala ngati ali pamphasa. Anthu a pamsika anaitcha Bwannoni, poifanizira ndi kachiwala kobiriwira kaja, ndipo dzinalo linakhazikika. A Mulipa anaimangira kanyumba kakekake ka malata, pamene khitchini ya akazi awo inkadontha. Palibe ankaloledwa kuikhudza. Akazi awowo, mayi Esinala, ankakweramo Lamlungu lokha, atayamba apukuta kumapazi.

Chaka chimenecho mwana wawo wamkazi, Idesi, ankakwatiwa ndi mnyamata wina wokonza magalimoto pamsika wa Luchenza, dzina lake Jailosi Mpasu. Zonse zinali zitalongosoka, tsiku litalengezedwa kale kutchalitchi, ndipo a Mulipa anali atalonjeza kuti mkwatibwi potuluka m'tchalitchi adzakwera Bwannoni, iwo eni akuyendetsa. Poti mipando inali iwiri yokha, mkwati anayenera kudzatsatira pambuyo pa lole pamodzi ndi a kwaya. Jailosi sanadandaule. Idesi anali atauza kale anzake onse.

Lachisanu lina a Mulipa ananyamuka kukaona mbuzi za paukwati kumudzi wina kutsidya kwa mtsinje wa Thuchila. Msewu wabwino unalipo, wodzera pa mlatho, koma iwo anaganiza kuti anthu a m'mbali mwa msewuwo akawaona adziwa chimene akukatenga, uthenga uwatsogolera, mbuzi n'kukwera mtengo. Choncho anadzera njira yachidule, pamene ngolo zimawolokera madzi akaphwera.

Ngolo ili ndi miyendo yaitali. Bwannoni analibe. Atafika pakati pa mtsinje galimoto inakhala pamwala ndi mimba, matayala akumbuyo n'kumangozungulira m'madzi. Amuna ena amene ankaumba njerwa m'mphepete anathamangira kudzathandiza, nati aigwire m'mbali ainyamule, poti inali yopepuka. A Mulipa anayang'ana manja awo amatope, anayang'ana utoto wa galimoto, anayang'ananso kagalasi konyezimira kam'mbali kamene kakanatha kukwana m'thumba la munthu, ndipo anakana. Anawatuma akatenge mtengo wa bulugamu umene unali pa uvuni wawo. Kenaka anapinda buluku, anagwada m'madzi, napapasa kunsi kwa galimoto mpaka dzanja lawo linapeza chitsulo chachitali, chobulungira, chonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu. Mumtima anati, msana wa galimoto ndi umenewu. Analowetsa nsonga ya mtengo pomwepo ndi manja awo, anautsamiritsa pa mwala wina, n'kuuza amuna aja kuti alendewere kumapeto kwake.

Galimoto inadzuka, inabuula, kenaka inatsetsereka n'kuchoka pamwala. Pobuulapo panamvekanso kaphokoso kena kuti ngwi, koma nthawi imeneyo maso a a Mulipa anali pa manja a anthu, kuonetsetsa kuti onse ali poyera.

Inu chitsulo chimenecho mukuchidziwa. Ndi shafiti, imene imatenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku matayala akumbuyo. Kunja imaoneka ngati munsi, koma m'kati ndi yamphako ngati nsungwi, ndipo imazungulira mwaliwiro kwambiri moti ikangopindika pang'ono pokha galimoto yonse imamva. Ntchito yake ndi kuzungulira, osati kusenza.

Ulendo wonse wa tsikulo unali wa msewu wafumbi, wa mabampu, umene galimoto iliyonse imagwedezeka, choncho a Mulipa sanamve chachilendo. Loweruka galimoto inaswera m'nyumba yake. Lamlungu anakwera ndi mayi Esinala kupita kutchalitchi pa msewu wa phula, ndipo pamene anaponda mafuta kuti oyenda pansi aone, mpando unayamba kunjenjemera. Kunjenjemerako kunakwera mumsana mpaka m'mano. Galasi loonera kumbuyo linangoti mbuu, duku la mayi Esinala linatsikira m'maso, ndipo pofunsa kuti chikuchitika n'chiyani mawu awo anatuluka odukaduka ngati a nkhosa. Akachepetsa liwiro zinkaleka. Akaonjezera zinkayambiranso.

M'tchalitchi a Mulipa sanamve ulaliki. Ankalumikiza nkhani m'mutu monga ankachitira ku esiteti. Lachisanu galimoto inabwera yabwinobwino. Lamlungu yadzuka ikudwala. Ndiye kuti matenda analowa Loweruka, pakhomo pawo pomwe, ndipo matenda a galimoto sabwera ndi mphepo, amabwera ndi munthu.

Anayambira akazi awo. Anawafunsa chifukwa chake Loweruka anayanika chitenje pa chitseko cha nyumba ya galimoto. Mayi Esinala anayankha kuti chingwe choyanikapo anachichotsa iwo eni mwezi watha, ponena kuti akuba angamangire mbuzi. A Mulipa anaona kuti yankholo labwera msanga kwambiri, ngati lokonzeratu.

Kenaka anakumbukira mlamu wawo Lasitoni, mlongo wake wa mayi Esinala, munthu wonenepa ndi wofatsa, amene kwa zaka ankapempha kuti aphunzitsidwe kuyendetsa. Loweruka lija anakhala pafupi ndi kanyumbako akumata chubu cha njinga, ndipo womata chubu sasowa sipanala. Panalinso a Nakoma, oyandikana nawo nyumba, amene podutsa ananena kuti galimoto imeneyi sikalamba. Munthu wabwinobwino angatamande bwanji chinthu cha mnzake popanda chifukwa? A Mulipa analeka kuyankha moni wa a Nakoma. Analekanso kumwetsa mafuta pamalo amene ankamwetsera, poganiza kuti petulo wake athiramo palafini. Anathira wa kwina. Bwannoni ananjenjemerabe.

Mayi Esinala ndiwo anawakumbutsa kuti makaniko ali naye m'manja, poti mkamwini akubwerayo ntchito yake ndi yomweyo. Jailosi ntchito ankaidziwa, koma anali wofulumira pakamwa, ndipo ankafunitsitsa kuti apongozi ake amuone nzeru. Asanagwade n'komwe, atangomva kuti imanjenjemera ikathamanga, anati ndi matayala basi. Anawamasula, anapita nawo ku galaja, anawakonza, anawabwezera. Galimoto inanjenjemera chimodzimodzi. Anati ndiye kuti ndi mapulagi. Anasintha, koma palibe chinasintha. Pofuna kubisa manyazi, pakamwa panamuterera: ananena moseka kuti magalimoto okalamba amatero, ndipo kuti ikadzawatopetsa asadzaigulitse kutali.

Pamenepo a Mulipa anaona zonse poyera. Anakumbukira kuti Loweruka lija Jailosi anabwera kudzatula thumba la mpunga, naima nthawi yaitali pakhomo pa kanyumba ka galimoto manja ali kumbuyo. Munthu wopanda chobisa amaika manja kumbuyo? Mnyamatayu sankafuna Idesi. Ankafuna Bwannoni, ndipo anaidwalitsa dala kuti adzaitole ngati zitsulo zakutha.

Tsiku lomwelo anatumiza mawu kwa ankhoswe a mbali zonse kuti ukwati wayamba waima.

"Mpaka liti, bambo a Idesi?" anafunsa mayi Esinala.

"Mpaka wodwalitsa galimoto yanga adziwike."

"Nanga chimera ndaviika kale."

"Chimera sichithawa. Amene amathawa ndi wakuba."

Idesi analira mpaka maso kutupa, kenaka anasamba kumaso n'kupita ku galaja. Anauza Jailosi, anzake akumva, kuti mlomo wake ndi umene waimitsa ukwati, choncho manja ake ndiwo auyendetsenso, ndipo kuti akabweranso pakhomo abwere atatseka pakamwa, atatsegula maso.

Jailosi anabwera m'mawa mwake ndi jeke, zitsa ziwiri, masipanala ndi kachidutswa ka choko. A Mulipa anamulola kulowa atayamba wakhuthula matumba ake onse pamphasa. Masipanala anawazindikira, koma choko chinawavuta. Anachitembenuza, anachinunkhiza, anachinyambita pang'ono, ndipo posapeza mlandu anachibweza monyinyirika.

Ulendo uno mnyamatayo sananene matenda asanamuone wodwala. Anapempha kuti amukweze, amve yekha. Atafika pa phula galimoto itayamba kunjenjemera, anawapempha kuti achotse giya, injini ipume galimoto ikuyendabe. Injini inapuma, kunjenjemera sikunapume. Ndiye kuti vuto silinali ku injini. Anapemphanso chilolezo chokhudza chiwongolero, nachipeza chili phee, kusonyeza kuti matayala akutsogolo analibe mlandu. Kunjenjemera konse kunkachokera pansi pa mipando.

Atabwerera kunyumba anatsekera matayala akutsogolo ndi njerwa, anakweza kumbuyo, n'kukhazika galimoto pa zitsa zija. Anati apongozi akhale pa chiwongolero, alize injini, alowetse giya, iye agone kunsi. Apa panavuta. A Mulipa akakhala pampando sakanaona chimene mnyamatayo akuchita kunsiko. Anafuna kuika munthu woti aziyang'anira, koma Lasitoni anali woganiziridwa, mayi Esinala chimodzimodzi, ndipo Idesi anali wa mbali ya mdani. Mapeto ake anaitanitsa galasi lodziyang'anira la akazi awo, analitsamiritsa pa njerwa, nalipendeketsa mpaka miyendo ndi manja a Jailosi zinkaoneka iwo ali pampando.

Matayala anayamba kuzungulira m'malere. Jailosi anasendeza choko pang'onopang'ono ku shafiti ija ikuzungulira, mpaka chinangoikhudza, n'kuchichotsa. Injini itazimitsidwa anawaitana kuti adzaone. Anafotokoza mwaulemu kuti shafiti ikakhala yowongoka choko chimaizungulira yonse ngati chibangili, koma ikapindika chimangolemba pamene yatumphukira. Pa shafiti ya Bwannoni panali kamzere kafupi, mbali imodzi yokha.

Anaika zizindikiro za choko polumikizira kuti podzabwezera asadzasokoneze, anamasula mabawuti, n'kuitulutsa. Anaigubuduza pa simenti ya pakhonde, onse akuona. Inayenda ikutsimphina ngati tambala wolasidwa ndi minga. Ataitembenuza, kuseri kwa kamzere ka choko kaja panali polowa m'kati ngati chitini chopondedwa, ndipo m'mikwingwirima yake munali mutakanirira timakungwa ta bulugamu.

Tsono nkhani ya galimoto yobiriwira imene inakhala pamwala ku Thuchila inali itafika kale pamsika, poti oumba njerwa nawonso amagula mchere. Jailosi anali ataimva koma sanaiganizire. Ataona timakungwato zonse zinalumikizana. Koma mkamwini, amene ngakhale ukwati wake sunachitike, angawauze bwanji apongozi ake kuti wolakwa ndi iwo? Anatsokomola, anayang'ana pansi.

"Bambo, kaya mwina galimotoyi inadutsapo malo a miyala masiku apitawa?"

"Mukundifunsa ine?"

"Ayi bambo, ndimangoti mwina."

"Amene akufunsidwa pano ndinu, a Mpasu. Munadziwa bwanji kuti mukagone kunsi, pa chitsulo chomwecho, ngati si inu munachipinda?"

Jailosi anatsegula pakamwa, anakumana ndi diso la Idesi, n'kutsekanso. Chimene ananena ndi chakuti shafitiyo ikufunika kupita ku Limbe kwa anthu a makina, ndipo kuti iye akhoza kuinyamula mawa lomwe.

A Mulipa anaseka kaphwete ka munthu amene wagwira mbava. Ku Limbe, kuti akaisinthanitse ndi chitsulo cha lole yakufa, yawo ya ku Ulaya n'kukagulitsa? Anati chopindika chimawongoka, ndipo iwo anaonapo mafoloko a njinga akuwongoledwa popanda makina. Anamuuza Jailosi kuti atole masipanala ake azipita.

Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa mango wa mphanda. Madzulo ake a Mulipa anakoleka shafiti pa mphandapo n'kuitana mlamu wawo. Anasankha Lasitoni pa zifukwa ziwiri: anali wolemera thupi, komanso ankafuna kuona nkhope yake akagwira chitsulo chimene mwina anachilakwira. Lasitoni ananena mofatsa kuti mwina ndi bwino kudikira anthu odziwa. A Mulipa anamufunsa ngati pali chifukwa chimene sakufunira kuti shafitiyo iwongoke. Pamenepo munthu akanatani? Anagwira kumapeto kwake, nakoka pang'ono. Sinasunthe.

"Onjezerani, alamu."

Anaonjezera.

"Mukuinyengerera. Nyamulani miyendo."

Lasitoni ananyamula miyendo. Shafiti inalimba kamphindi, kenaka inagonja mwadzidzidzi, ndipo mlamu anakagwa chagada m'masamba a mango. Ataichotsa pa mphanda anapeza kuti popindika pakale pali pomwepo, koma pawonjezekera pena patsopano, poloza kwina. Tsopano inkaoneka ngati njoka yowoloka msewu. A Mulipa anaiyang'ana, anayang'ana mimba ya mlamu wawo, n'kufunsa kuti masana amenewo anadya zochuluka chotero pofuna chiyani.

Mayi Esinala anaona kuti kukangana sikuthandiza, ndipo chimera chinali chitayamba kumera ndevu. Anakhala pafupi ndi amuna awo nawauza kuti akunena zoona, masiku ano palibe wokhulupirika, choncho shafitiyo asaipereke kwa munthu aliyense. Aitenge iwo eni, apite nayo ku Limbe, akaime pomwepo, asakaphethire. A Mulipa anaona kuti awa ndi mawu oyamba anzeru kuwamva chiyambire nkhaniyi, ngakhale anadzifunsabe chifukwa chake mayiwa akufuna kuti iwo achokepo pakhomo. Ponyamuka anakhoma kanyumba ka galimoto ndi maloko awiri.

Anazokota dzina lawo pa shafiti ndi msomali, anaikulunga m'chitenje, nakwera sitima ataifungatira pamiyendo. Mayi wina wokhala moyang'anana nawo anafunsa mwachisoni ngati mwanayo akudwala. Iwo anasamukira pampando wina.

Ku Limbe anafika pa shedi ya Che Sumaili, mkulu wina wa imvi amene ankasema ndi kuwotcherera zitsulo. Che Sumaili anamanga shafiti pa makina ake, anaizunguza ndi dzanja, nagunditsapo kachipangizo kokhala ngati wotchi, kamene singano yake imasuntha chitsulo chikakhota. Singanoyo inavina uku ndi uku. Mkuluyo anapukusa mutu. Anati kupindika koyambako akanatha kukuwongola pa makina opanira, koma kwachiwiriku kwaphwanya paipi yeniyeniyo, ndipo chotsala ndi kudula mitu yonse iwiri, kuilumikiza ku paipi yatsopano.

A Mulipa anadziwiratu kuti afika pamenepa. Munthuyu ankafuna paipi yawo. Anavomera pokhapokha yakaleyo abwerere nayo, ndiponso iwo aime pafupi ntchito yonse. Che Sumaili anati palibe vuto, koma ikafika nthawi yowotcherera ayang'ane kumbali, chifukwa moto wake umapweteka maso. Anawapatsanso galasi lakuda loti aziyang'aniramo. A Mulipa analiika pamaso, anaona mdima wokhawokha, ndipo anamvetsa cholinga chake. Kuwauza kuti ayang'ane kumbali pa nthawi yeniyeni yosinthira zinthu! Anabweza galasilo. Moto wobiriwira uja utayamba kuthetheka anautong'olera maso kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo anakhutira kuti palibe chinabedwa.

Shafiti yatsopano itazizira inabwerera pa makina, ndipo singano ija inangogwedezeka pang'ono ngati ikupuma. Che Sumaili anamatapo kachitsulo kakang'ono mbali imodzi kuti kulemera kufanane, naizunguzanso mpaka anakhutira. Asanatsanzike a Mulipa anafunsa funso limene linawabweretsa, loti chinapinda chitsulo chawo n'chiyani.

"Apa pachiwiripa ndi pa mphanda ya mtengo," anatero Che Sumaili, "ndipo wochita zimenezi sindifunsa dzina lake. Poyambapa china chake chinaikankha kuchokera pansi, galimoto yonse itatsamira pomwepo."

A Mulipa anagwedeza mutu mokondwa. Umboni unapezeka: pali munthu anakwawira kunsi kwa galimoto yawo.

Anafika kunyumba maso akuyabwa. Kutacha anali atatupa, ofiira, akutuluka misozi, ngati wina wathiramo mchenga. Anati mkulu wa ku Limbe uja anawawaza mankhwala. Poti sakanatha kuona bwino, analola Jailosi kubwezera shafiti, iwo atagwira mwendo wake kuti amve ngati akusuntha mokayikitsa. Mnyamatayo analumikiza motsata zizindikiro zake, anamanga mabawuti, anatsitsa galimoto. Maso atayamba kutseguka, a Mulipa anakaiyesa pa phula. Bwannoni anauluka mwakachetechete, galasi lili mbee, mpando uli phee. Idesi atamva anayamba kuimba kukhitchini.

Koma a Mulipa anati kuchira kwa wodwala sikuthetsa mlandu wa mfiti. Anaitanitsa bwalo pakhonde pawo. Panali mayi Esinala, Idesi, Lasitoni amene analinso nkhoswe ya kuchikazi, a Nakoma, Jailosi, ndi amalume ake a Jailosi, a Muhiwa, nkhoswe ya kuchimuna, mkulu wochepa thupi ndi wochepa mawu amene anagwirapo ntchito ya njanji. Paipi yakale yopindika ija inagonekedwa pa tebulo pakati pawo.

A Mulipa anaimirira, kansalu konyowa kali m'manja kopukutira maso, n'kuyamba kuloza mmodzimmodzi. Awa anayanika chitenje posayenera. Awa anali ndi sipanala, ndiponso anadya mopitirira pa tsiku lofunika. Awa anatamanda galimoto popanda wowafunsa. Uyu anaika manja kumbuyo, ananamizira matayala, kenaka anapeza chitsulo chopindika mosavuta ngati anachisiya yekha. Analankhula nthawi yaitali, ndipo aliyense wolozedwa ankangoyang'ana pansi.

Atamaliza, a Muhiwa anaomba m'manja mwaulemu. Anati mlanduwu ndi waukulu ndithu, ndipo kuti pasatsale mwala wosatembenuza amangofuna kudziwa ngati kupatula anthu ali panowa panalibe wina, mlendo kapena wodutsa, amene anaikhudzapo galimotoyo sabata imeneyo.

Funsolo linawakhumudwitsa a Mulipa.

"Galimoto yanga sikhudzidwa ndi odutsa, a Muhiwa. Ngakhale tsiku lija inakhala pamwala ku Thuchila, oumba njerwa ankafuna kuigwira ndi manja awo amatope, ine ndinakana. Ndinagwada m'madzi ndekha. Mtengo wa bulugamu ndinaulowetsa kunsi ndi manja angawa, osati paliponse ayi, ndinasankha polimba, pa chitsulo chonenepa cha pakati, amuna aja n'kulendewera, galimoto yonse n'kudzuka. Chitsulo chake chonenepa ngati..."

Anayang'anayang'ana chofanizira, natola paipi ija pa tebulo.

"Ngati ichi."

Dzanja lawo linagwira pomwe panali polowa m'kati paja, ndipo linakwanapo bwinobwino.

Nkhuku inamveka ikupalasa kuseri. Lasitoni anayamba kuwerenga malata a denga. Mayi Esinala anakokera chitenje kukamwa. A Mulipa anaiyang'ana paipiyo nthawi yaitali, ndi maso ofiira aja, ndipo aliyense anaganiza kuti tsopano uthenga wafika kwawo. Anaigoneka pa tebulo pang'onopang'ono. Chala chawo chinadzuka. Chinadutsa pa mayi Esinala, chinadutsa pa Lasitoni, chinaima pang'ono pa Jailosi, chinapitirira, chinazungulira khonde lonse, chinafika pafupi ndi batani la malaya awo eni. Kenaka chinatembenuka n'kuloza kutali, kumene kuli Thuchila.

"Ndiye kuti pali munthu anaika mwala uja mumtsinje," anatero motsitsa mawu. "Anadziwa kuti ndidzera pamenepo."

A Muhiwa sanataye nthawi. Anavomereza kuti nkhaniyo yaoneka mutu wake tsopano, ndipo kuti munthu woipa chotero, wotha kusenza mwala waukulu ngati umenewo, mwachionekere sali pakhonde pano. Poti onse ali panowa ayera, kodi ana aja sangapitirize zawo? A Mulipa anaganiza kaye, nati ukwati uchitike, koma kufufuza sikunathe, ndipo aliyense akhale tcheru.

Ukwati unachitikadi. Idesi anatuluka m'tchalitchi n'kukwera Bwannoni, nsalu yake yoyera ikuuluka pambuyo, mkwati akutsatira pa lole ndi a kwaya. A Mulipa mpaka ukalamba wawo ankati akakumana ndi munthu wa kutsidya kwa Thuchila ankamuyang'ana mapewa, kuona ngati ndi otha kusenza mwala.

Koma mawu amene anatsala m'kamwa mwa anthu ananenedwa panjira, tsiku la bwalo lija, Jailosi akubwerera ndi amalume ake. Mnyamatayo anali akuwirabe mumtima. Anati wanyozedwa pagulu, watchedwa mbava, pamene wolakwa anali atagwira umboni m'manja mwake, ndipo anafunsa chifukwa chake amalume sanangowauza bambo aja mosabisa kuti shafiti anapinda okha.

A Muhiwa anamuyang'ana, nati:

"Mphwanga, iwe unkafuna mkazi kapena unkafuna kuwina mlandu? Unachiona chala chija mmene chinayendera pakhonde paja. Chinafika mpaka pa batani, n'kubwerera. Usawadandaule apongozi ako, ndi mmene chinapangidwira. Chala sichiloza mwini."